Mpando wa Phungu ndi wa Yani? Tione Ulendo wa Ndale wa Malemu Gwanda Chakuamba



Pamisonkhano imene timachititsa m'maparishi pa nkhani za kayendetsedwe ka dziko, dandaulo limene timalimva kawirikawiri kuposa ena onse ndi lokhudza aphungu a Nyumba ya Malamulo. Ena amati phungu wawo anasamukira kutauni tsiku lomwe analumbira. Ena amati anamusankha atavala makaka a chipani china, koma pobwera kudzapepesa maliro chaka chotsatira anali atavala makaka ena, popanda kuuza munthu aliyense chifukwa chake. Tikafunsa kuti nanga inu eni dera munachitapo chiyani, yankho limakhala limodzi: tikudikira chisankho.

M'kalata ino taganiza zolankhula za phungu mmodzi, malemu Gwanda Chakuamba, amene anthu a kuchigwa cha Shire ankawatchula mwaulemu kuti Mbuya. Tawasankha iwowa chifukwa anatisiya pa 24 Okutobala 2016 ali ndi zaka 82, choncho palibe angatinene kuti tikuwachitira kampeni kapena tikuwagwetsa pa chisankho. Chifukwa china n'chakuti ulendo wawo wa ndale unadutsa m'nyengo zonse za dziko lathu: ulamuliro wa chipani chimodzi, ndende, kubwera kwa zipani zambiri, migwirizano ndi magawano a zipani. Kuweruza mtima wa munthu si kwathu, ndipo tikupempha kuti mzimu wawo uuse mumtendere. Koma ntchito zimene munthu anagwira ndi mavoti a anthu ndi katundu wa anthuwo, ndipo n'koyenera kuzisanthula poyera. Funso limene tikufuna tiliganizire limodzi ndi ili: munthu akapambana chisankho, mavoti amene wapatsidwa amasanduka ake kuti apite nawo kumene wafuna, kapena amakhalabe a anthu amene anawaponya?

Uphungu wopanda bokosi la mavoti

Pamene dziko lino linkalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, a Chakuamba anali kale m'gulu la achinyamata odalirika a chipani cha Malawi Congress. Anakhala phungu wa kwawo ku Nsanje, anakhala nduna m'maunduna osiyanasiyana, anayang'anirapo chigawo cha kummwera, ndipo chimene ambiri amawakumbukira nacho n'chakuti anali mkulu wa Apayoniya. Ife amene tinakula masiku amenewo tikukumbukira bwino momwe Ayufi ndi Apayoniya ankaimira pakhomo la msika ndi pokwerera basi kufunsa khadi la chipani, ndi momwe akuluakulu ankatsitsira mawu akaona yunifomu ikubwera poteropo.

Achinyamata a lero ayenera kuuzidwa kuti uphungu wa nthawi imeneyo sunkachokera m'bokosi la mavoti. Mu 1964, mu 1971 ndi mu 1976 aphungu ankalowa m'Nyumba ya Malamulo popanda wopikisana nawo. Maina ankachokera kumakomiti a chipani m'maboma, ndipo mawu omaliza anali a Kamuzu. Ngakhale pamene anthu anayamba kuponya voti mu 1978, ankasankha pakati pa anthu a chipani chimodzi chomwecho, amene anali atavomerezedwa kale kumwamba. Phungu wotere ankadziwa kumene mpando wake unachokera, ndipo maso ake ankayang'ana komweko.

Mu 1980 zinthu zinawatembenukira a Chakuamba. Anamangidwa pa mlandu wofuna kugalukira boma, naweruzidwa m'khoti la mafumu, kumene woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya, ndipo anawalamula kukhala m'ndende zaka 22. Anakhalamo zaka 13. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo mwambiwu unapherezera pa munthu amene anatumikira ulamuliro uja ndi mphamvu zake zonse. Zaka 13 za m'ndende za nthawi imeneyo si nkhani yoti munthu aipepuse, ndipo aliyense wofuna kudzudzula a Chakuamba pa zimene anachita pambuyo pake ayambe wakumbukira zimenezi. Koma taonani mbali ya anthu a ku Nsanje. Powapatsa phungu sanafunsidwe, powalanda phunguyo sanafunsidwenso. Ichi ndi chimodzi mwa zinthu zimene Amalawi anazikana pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pamene pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha ndale za zipani zambiri, patangotha chaka ndi miyezi itatu Maepiskopi athu atatulutsa kalata yawo ya pa 8 Malichi 1992.

Chaka cha 1993 chinali chodabwitsa pa moyo wa a Chakuamba. Atatuluka m'ndende analowa chipani cha UDF, chimene chinawalandira ndi manja awiri. Pasanathe miyezi yambiri anabwerera ku MCP, chipani cha boma limene linawamanga, nakhala mlembi wamkulu. Mu Okutobala, Kamuzu atapita ku South Africa kukachitidwa opaleshoni ya m'mutu, dziko linasiyidwa m'manja mwa anthu atatu: a Chakuamba ngati wapampando, a John Tembo ndi a Robson Chirwa. Munthu amene kumayambiriro kwa chaka anali mkaidi, pofika Okutobala ankayendetsa dziko. Ndipo mu Disembala, iwo akadali pa mpando umenewo, asilikali a nkhondo analanda zida Apayoniya pa ntchito ija ya Operation Bwezani, gulu lomwe lija iwo analitsogolerapo.

Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 a Chakuamba anaima ngati wachiwiri kwa Kamuzu. A Bakili Muluzi anapambana ndi mavoti 47 pa 100 alionse, Kamuzu anapeza 33 ndipo a Chakufwa Chihana 19. Kummwera UDF inasesa pafupifupi paliponse, koma ku Nsanje anthu anatsata mwana wawo, ndipo a Chakuamba anakhala phungu wa Nsanje North. Kumeneku kunali kusankhidwa kwenikweni, pa mpikisano wa zipani, ndi mavoti a anthu amene akanatha kusankha wina.

Chida chimene tinalandidwa mu 1995

Malamulo oyendetsera dziko a 1994 anali ndi gawo 64, limene linkapatsa anthu a m'dera mphamvu zochotsa phungu wawo zaka zisanu zisanakwane ngati sakuwatumikira. Gawoli silinakhalitse. Mu 1995 aphungu analichotsa, ndipo popeza kusintha malamulo amenewa kumafuna aphungu awiri mwa atatu alionse, chipani chimodzi pachokha sichikanatha. Anthu amene ankakangana pa china chilichonse anamvana pa nkhani yoteteza mipando yawo. Chifukwa chimene chinaperekedwa n'chakuti ogonja pa chisankho akanamagwiritsa ntchito gawoli posokoneza opambana, mpaka dziko likanamangokhalira zisankho zachibwereza. Nkhawa imeneyi si yopanda pake. Koma mankhwala ake anali kukonza ndondomeko yake, monga kunena chiwerengero cha anthu oyenera kusaina ndi zifukwa zovomerezeka, osati kuzula gawo lonse. Mu 2001 aphungu anachotsanso Nyumba ya Seneti, imene inkayenera kukhala ndi mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana a anthu, isanayambe n'komwe kugwira ntchito. Kuchokera pamenepo munthu wa kumudzi anatsala ndi tsiku limodzi lokha pa zaka zisanu zilizonse.

Kamuzu atapuma pa ndale, utsogoleri wa MCP unagwera a Chakuamba, ndipo pa chisankho cha pa 15 Juni 1999 anaimira mgwirizano wa MCP ndi AFORD, a Chihana ali wachiwiri wawo. Anthu anatuluka mwaunyinji wosaonekanso, oposa 90 pa 100 alionse olembetsa. A Chakuamba anapeza mavoti oposa 2 miliyoni, amene ndi 45 pa 100 alionse, pamene a Muluzi anapeza 52. Apa ndi pamene mbiri yawo ya chisankho inafika pamwamba penipeni. Komabe tikaunika kumene mavotiwa anachokera, tiona kuti ambiri anali a pakati, kumene anthu ankavotera tambala wakuda, ndi a kumpoto, kumene ankatsata a Chihana. Anali mavoti obwereka, operekedwa kwa munthu chifukwa cha mgwirizano umene ankauimira.

A Chakuamba sanavomereze zotsatira ndipo anapita kukhoti. Mwa zina, anadandaula kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka la anthu onse olembetsa. Bwalo la Supreme linakana mu 2000, nkunena kuti wopambana ndi amene waposa anzake pa mavoti oponyedwa, ngakhale asafike theka. Chigamulo chimenechi, chimene chimadziwika ndi dzina lawo, chinayendetsa zisankho zathu zaka 20, mpaka pamene makhoti anachisiya mu 2020 nkunena kuti mtsogoleri wa dziko ayenera kupeza mavoti oposa theka la oponyedwa. Ngakhale anagonja, tikuwayamikira kuti nthawi imeneyo anatengera dandaulo lawo kukhoti nalisiya kuti liweruzidwe mpaka pamapeto. Tikupemphani musunge mfundo imeneyi, chifukwa tibwereranso kwa iyo.

Zaka zotsatira zinathera pa mkangano wa iwo ndi a Tembo. Mu 2000 chipani chimodzi chinachititsa misonkhano ikuluikulu iwiri, wina ku Blantyre wina ku Lilongwe, uliwonse nkusankha mtsogoleri wake, ndipo nkhani ya amene ali mtsogoleri weniweni inkangozungulira m'makhoti. Aphungu 66 amene MCP inapeza mu 1999, amene anthu anawatuma kukayang'anira boma, ankayang'anirana okhaokha. Imeneyi inali nyengo ya njala yoopsa ya 2001 ndi 2002, pamene chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa.

Tsiku la 4 Julayi 2002

Pali tsiku limodzi limene tikufuna kuti lisaiwalike pa mbiri ya a Chakuamba ngati phungu. Mu 2002 kunabwera ganizo losintha malamulo kuti mtsogoleri wa dziko aziima pa chisankho kangapo konse kamene wafuna, m'malo mwa kawiri kokha. Bilu yake inabweretsedwa m'Nyumba ndi phungu wa AFORD. A Chihana anaigwirizana nayo, a Tembo ndi aphungu a mbali yawo chimodzimodzi. Kunja kwa Nyumba, mipingo, bungwe la Public Affairs Committee, maloya ndi ophunzira a sukulu za ukachenjede ankakana, ngakhale boma linali litaletsa zionetsero. Kuti biluyo idutse pankafunika mavoti 128. Pa 4 Julayi ovomereza anakwana 125, okana 59. Biluyo inagwa ndi mavoti 3 okha.

A Chakuamba ndi aphungu a mbali yawo anali m'gulu la okana, pamodzi ndi aphungu ena a AFORD amene anakana kumvera mtsogoleri wa chipani chawo. Wina anganene kuti anakana chifukwa iwonso ankaufuna mpando wa pulezidenti. Mwina n'zoona. Koma voti ya phungu imawerengedwa monga waiponyera, ndipo aphungu atatu okha akanagwedezeka tsiku limenelo, mbiri ya dziko lino ikanakhala ina. Ntchito yeniyeni ya phungu ndi imeneyi: kupanga malamulo, kukana malamulo oipa, kuvomereza ndondomeko ya chuma cha boma ndi kufunsa nduna momwe ndalama zayendera. N'zomvetsa chisoni kuti tikafunsa m'maparishi momwe phungu wa dera lawo anavotera tsiku limenelo, ndi ochepa amene amakumbukira, pamene amene anagula bokosi la maliro a amfumu chaka chomwecho amakumbukidwa ndi mudzi wonse.

Ndi bwinonso kuona zimene ovota anachita. AFORD, imene inali ndi aphungu 29 mu 1999, inatsala ndi 6 okha mu 2004 italowa mgwirizano ndi UDF. Anthu a kumpoto anaonetsa kuti mavoti awo sanali m'thumba la munthu.

Masabata awiri a mu 2004

Atagonja kwa a Tembo pa msonkhano waukulu wa MCP mu 2003, a Chakuamba anatuluka nayambitsa Republican Party. Zipani zisanu ndi ziwiri zinapanga Mgwirizano Coalition, zinawasankha iwo kukhala woziimira, a Aleke Banda ali wachiwiri wawo. Atsogoleri ena a mipingo anathandiza nawo kukhazika pansi zipanizi kuti zimvane, ndipo sitikubisa kuti Akhristu ambiri anaika chiyembekezo chawo pamenepo. Pa 20 Meyi 2004 a Bingu wa Mutharika a UDF anapeza mavoti 36 pa 100 alionse, a Tembo oposa 27, a Chakuamba pafupifupi 26. Mukaphatikiza mavoti a anthu awiri amene chaka chimodzi m'mbuyomo anali m'chipani chimodzi, mupeza kuti anaposa theka. Mkangano wawo, pamodzi ndi chigamulo chija cha 2000, ndi zimene zinapereka boma kwa munthu amene anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse sanamuvotere.

A Chakuamba ananena poyera kuti iwo ndi amene anapambana ndipo kuti chisankho chinaberedwa. Anthu anawakhulupirira. Mumzinda wa Blantyre achinyamata anatseka misewu, apolisi anaombera, ndipo anthu angapo anafa, kuphatikizapo kamtsikana ka ku Chilobwe kamene sikanali ndi zaka zoponyera voti. Mgwirizano unalonjeza kuti nkhaniyi ikathera kukhoti. A Mutharika analumbira pa 24 Meyi. Kumayambiriro kwa Juni, misozi ya m'mabanja ofedwa isanaume, a Chakuamba anasaina pangano logwira ntchito ndi boma lomwelo, dandaulo lawo linasiyidwa, ndipo anthu a chipani chawo analandira maunduna.

Apa tiyenera kuima pang'ono. Amene ankawaikira kumbuyo ankati anachita zimenezi pofuna mtendere, kuti magazi asapitirire kukhetsedwa, komanso kuti kukhala kumbali ya boma kukanabweretsa chitukuko kuchigwa cha Shire. Ife sitikunena kuti kugwira ntchito ndi boma ndi tchimo. Zipani zimagwirizana m'maiko ambiri, ndipo mtendere ndi chinthu cha mtengo wapatali. Koma pali zinthu ziwiri zimene sizingakhale zoona nthawi imodzi popanda wina kulakwiridwa. Ngati chisankho chinaberedwadi, ndiye kuti kusiya mlandu kunalanda dziko lonse mwayi wodziwa choona, ndipo amene anaba anaphunzira kuti kuba kumatheka malinga ukhale ndi maunduna ogawa. Ngati sichinaberedwe, ndiye kuti anthu anatumizidwa kumsewu ndi mawu opanda umboni, ndipo ena sanabwerere kwawo. Mulimonsemo, anthu oposa 800,000 amene anavotera Mgwirizano anali ndi ufulu wofotokozeredwa. Ambiri a iwo, makamaka kumpoto ndi m'mizinda, anavota motero chifukwa ankafuna kuti UDF ichoke m'boma. Mavoti awo anatengedwa nkukaperekedwa kumene iwo ankathawa, ndipo palibe anabwerera kukawafunsa.

Mu 1999 a Chakuamba anadikira khoti mpaka linagamula. Mu 2004 sanadikire. Zimene zinachitika pa 3 Febuluwale 2020, pamene khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 odandaula atapirira miyezi yambiri akupereka umboni, zinatisonyeza kuti njira ya khoti si yongotaya nthawi. Sitingadziwe chimene oweruza akananena mu 2004, ndipo kusadziwa kumeneko ndiko kutaya kwathu.

Zotsatira zake zinayenda mothamanga. Mu Febuluwale 2005 a Mutharika anatuluka mu UDF nayambitsa DPP. A Chakuamba anasiya Republican Party, imene inali itapeza aphungu 15 pa dzina lawo, nalowa DPP, ndipo anapatsidwa unduna wa zamalimidwe. Mu Sepitembala chaka chomwecho, patangotha miyezi 7, anachotsedwa, nthawi imene dziko linkalowa m'njala ina yaikulu. Anayambitsa chipani china, New Republican Party. Pokonzekera chisankho cha 2009 anaikira kumbuyo a Muluzi, amene analimbana nawo mu 1999 ndi mu 2002, ndipo a Muluzi ataletsedwa kuima, mgwirizano umene iwo analimo unathera poikira kumbuyo a Tembo. Makolo athu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tisaganize kuti khalidweli linali la munthu mmodzi. Gawo 65 la malamulo athu limati phungu amene wasiya chipani chimene anasankhidwira nkulowa china cha m'Nyumbamo, Sipikala alengeze kuti mpando wake ulibe munthu, kuti eni dera asankhenso. DPP sinaime nawo pa chisankho cha 2004, ndipo aphungu amene inawapeza kudzera m'mavoti anali 6 okha, pa zisankho zachibwereza za mu Disembala 2005, komabe aphungu makumimakumi anasamukira kumbali yake. Pa 15 Juni 2007 bwalo la Supreme linatsimikiza kuti gawo 65 ndi lovomerezeka. Ngakhale zinali choncho, aphungu okhudzidwa anatenga ziletso kukhoti, otsutsa boma anakana kukambirana bajeti, ndipo mu 2007 ndi mu 2008 bajeti inachedwa miyezi. Tivomereze kuti ambiri a ife tinafuula nawo kuti bajeti iyambe, gawo 65 pambuyo, chifukwa tinkaopa kuti makuponi a feteleza ndi mankhwala m'zipatala zichedwa. Mantha athu anali oona. Koma pambuyo pakepo sipanafike, ndipo a Mutharika atamwalira mu Epulo 2012 tinaonanso aphungu akukhamukira ku People's Party ya mayi Joyce Banda, ena mwa iwo maliro asanaikidwe n'komwe.

Ku Nsanje North

Mu Meyi 2009 a Chakuamba anabwerera kwawo kukapemphanso mpando wa Nsanje North, ndipo anagonja kwa woimira DPP. Anthu omwe aja anawatsata mu 1994, pamene chigawo chonse cha kummwera chinkapita kwina, ananena kuti basi. Sanali okha. Pa chisankho chimenecho, ngakhalenso cha 2014, aphungu pafupifupi atatu mwa anayi alionse sanabwerere ku Nyumba ya Malamulo. Ena amanyadira chiwerengero chimenechi ngati umboni wakuti demokalase yathu ili ndi mano. Ife tikuchiona mosiyana pang'ono. Kuchotsa phungu patatha zaka zisanu kumalanga munthuyo, koma sikubweza zaka zisanu zija, ndipo wolowa m'malo mwake, podziwa kuti nayenso mwina sadzabwerera, amayamba tsiku loyamba kufunafuna mbali imene kuli msipu.

Dera limene a Chakuamba ankaliimira lili kutsidya kwa Shire, kummawa, kumene kuli Muona, Fatima ndi Makhanga. Mu 1997 madzi osefukira anadula njira ya msewu ndi njanji pa Chiromo, pamalo amene anthu amawatchula kuti Mtayamoyo, ndipo kwa zaka zambiri munthu wochokera ku Makhanga kupita ku Bangula kapena kuboma ku Nsanje ankalipira bwato. Msewu wochokera pa Thabwa kulowera ku Fatima unamveka m'malonjezo a kampeni zingapo. Mu Januwale 2015 ndi mu Malichi 2023, pa namondwe wa Freddy, dera lomweli linamizidwanso. Sitikuwasenzetsa a Chakuamba mlandu wa zonsezi, pakuti phungu samanga mlatho ndi ndalama za m'thumba mwake. Tikungoona kuti dera limene linabala mmodzi mwa andale amphamvu kwambiri m'mbiri ya dziko lino, munthu amene anakhalapo mbali ya boma ndi mbali yotsutsa, silinapindule ndi kusamukasamuka kuja monga ankanenera omuikira kumbuyo. Choncho phungu akadzakuuzani kuti walowa chipani cholamula kuti chitukuko chibwere, mufunseni kuti ndalama za chitukuko ndi za chipani kapena ndi za misonkho ya Amalawi onse, ndipo ngati boma limamana madera amene anasankha otsutsa, bwanji iye sakukadzudzula mchitidwe umenewo m'Nyumba ya Malamulo m'malo mougwadira.

Nafenso ovota tili ndi gawo lathu. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala, ndipo mu 2006 kunakhazikitsidwa thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu. M'zaka zimenezo tinazolowera kuona phungu ngati womanga timilatho, wolipira fizi ndi wonyamula maliro. Phungu amene tamusandutsa wogula mabokosi amafuna ndalama zambiri kuposa malipiro ake, ndipo amakazipeza kwa amene ali nazo. Lamulo la zipani za ndale la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti, koma lamulo silingagwire ntchito pamene wopereka ndi wolandira agwirizana kukhala chete. Ngakhale ife a m'mipingo tiyenera kudzifunsa kuti timaitaniranji aphungu kukhala alendo olemekezeka pa mapepa sande ndi pa zopereka zomangira matchalitchi, makamaka chaka cha chisankho, ndipo tikatero timatsala ndi pakamwa potani powafunsa za kavotedwe kawo.

Kuyambira pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 Nyumba ya Malamulo ili ndi mipando 229. Ife tipitiriza kupempha kuti mphamvu zochotsa phungu zibwezeretsedwe m'malamulo, ndi ndondomeko yoteteza kuti zisagwiritsidwe ntchito mwankhanza, komanso kuti gawo 65 lizitsatidwa posayang'ana chipani chimene chikupindula. Pamene tikudikira zimenezo, tikupempha mphakati kapena limana lililonse kuti likhale ndi kabuku ka phungu wa dera lake. Mulembemo chipani chimene anaimira kapena ngati anaima payekha, zimene analonjeza pa msonkhano wa kampeni wa kwanuko, ndi tsiku lililonse limene wabwera kudzamva maganizo anu. Zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo zimaulutsidwa pawailesi ndipo zimalembedwa m'buku lotchedwa Hansard, choncho pakakhala bilu yaikulu, makamaka yosintha malamulo oyendetsera dziko kapena yokhudza malipiro a aphungu eni ake, fufuzani mbali imene phungu wanu anaima ndipo mulembe. Komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya parishi, mogwirizana ndi mafumu, mipingo ina ndi abale athu Achisilamu, imuitane phunguyo kamodzi pachaka, pabwalo osati m'tchalitchi, ndipo kabukuko kawerengedwe iye ali pomwepo. Mukamva mphekesera zoti akufuna kusintha chipani, musadikire kuti mumve pawailesi: mulembereni kalata yomupempha kuti abwere adzafotokoze asanasamuke, ndipo kope la kalatayo lisungidwe ndi mlembi wa mphakati pamodzi ndi buku la mtulo.